Madandaulo a Otayipa a ku Kaporo: Chilembo ŵ Chipatsidwe Batani Lake

Kwa akuluakulu oona za maphunziro ndi za ziyankhulo za dziko lino, kwa onse amene mumagula ndi kutchera makompyuta a m'sukulu, m'zipatala, m'maofesi ndi m'mipingo, ndi kwa aphunzitsi a kompyuta kulikonse m'Malaŵi.



Ife amene talemba kalatayi ndife a ku Kaporo, kumpoto kwa boma la Karonga, pa msewu wopita ku malire a Songwe. Pakati pathu pali aphunzitsi a pulayimale ndi a sekondale, alembi a mipingo, alembi a makomiti a alimi a mpunga, komanso anyamata ndi atsikana amene amakhala m'timashopu ta fotokope kutayipira anthu makalata, mapulogalamu a ukwati ndi mbiri za omwalira. Ntchito zathu n'zosiyana, koma tonse timagwira kiyibodi, ndipo tonse timapunthwa pamalo amodzi. Tikafuna kulemba ŵ, w wovala kachipewa uja, palibe batani loti tidine.

Tikudziwa kuti ena aseka. Kudera kumene madzi osefukira amakokolola mpunga ndipo mtengo wa feteleza umagonetsa anthu ndi mutu, kudandaula za kachilembo kamodzi kungaoneke ngati kusowa chochita. Mavuto akuluakuluwo tili nawo, ndipo timawanena m'mabwalo ake. Ili talipatula chifukwa mankhwala ake alipo kale, safuna ndalama zambiri, koma palibe amene watifikitsira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chilembochi n'chathu

Akuluakulu pakati pathu amakumbukira matambala ndi masitampa olembedwa MALAŴI, kachipewa kali pamwamba pa W. Amene amawerenga Buku Loyera, Baibulo la Chichewa limene lidatuluka mu 1998, amakumana ndi ŵ kulikonse kumene atsegula. Liwu lake limatuluka milomo ikayandikana koma osagundana, pakati pa b ndi w. Achewa ambiri a lero salitchulanso, ndipo nyuzipepala zidalisiya kalekale. N'chifukwa chake ngakhale m'kalata ino tasunga ŵ pa dzina la dziko ndi pa mawu a Chitumbuka pokha.

Koma kuno kumpoto liwuli ndi lamoyo. Mwana wa ku Kaporo amakula akumva Kyangonde pakhomo, Chitumbuka kumsika ndi m'nyimbo za kutchalitchi, Chichewa m'kalasi ndi pa wailesi, Kiswahili kwa amalonda odutsa pa Kasumulu, ndi Chingerezi m'mabuku. M'Kyangonde liwu limeneli limamveka tsiku lililonse, ndipo abale athu Anyakyusa a kutsidya kwa Songwe ambiri amalilemba ndi b. M'Chitumbuka ndiye simungalembe mizere iwiri osakumana nalo: ŵanthu, ŵana, ŵapapi, mwaŵi. Munthu wotayipa tsamba limodzi la Chitumbuka amafuna ŵ kangapo pa ndime iliyonse.

Dandaulo loyamba: chilembo chili m'makina, koma sichili pa zala zathu

Kiyibodi imene tonse tikugwiritsa ntchito, ya QWERTY, idachokera ku makina otayipira amene Christopher Latham Sholes adakonza ku America, amene kampani ya Remington idayamba kugulitsa mu 1874. Adawapangira Chingerezi, chimene chili ndi zilembo 26 zopanda zipewa. Amene adagwirapo taipilaita pakati pathu amasimba kuti ankatayipa w wamba, pepala likatuluka n'kutenga cholembera kuveka w aliyense kachipewa ndi dzanja. Inali ntchito yotopetsa, koma chilembo chinkafika kwa wowerenga chili chonse.

Makompyuta atabwera, mndandanda wa zilembo wa ASCII wa mu 1963 udali ndi malo 128 okha. Mindandanda ina imene idatsatira idawonjezera é, ñ, ü ndi zilembo zina za ku Ulaya wa kumadzulo, koma ŵ adatsala kunja. Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1990 ndi kubwera kwa Unicode, mndandanda waukulu umene umapatsa chilembo chilichonse cha padziko nambala yake. Mmenemo ŵ wamng'ono ndi U+0175, ndipo Ŵ wamkulu ndi U+0174. Izi zikutanthauza kuti kompyuta iliyonse ya masiku ano imachidziwa chilembo chathu ndipo ikhoza kuchisindikiza. Chimene chikusowa ndi njira yochoka pa chala kukafika kumeneko.

Tamverani mmene timavutikira. Ambiri a ife timasunga fayilo yakale imene muli ŵ mmodzi, ndipo tsiku lililonse timakaitsegula, kumukopa, n'kudzamumata m'kalata yatsopano, ngati munthu wopala moto kwa mnansi m'mawa uliwonse chifukwa m'nyumba mwake mulibe machesi. Ukangokopa chinthu china, ŵ uja wachoka, ubwererenso. Ena amapita ku Insert, kenako Symbol, n'kumafufuza m'bokosi la zilembo mazanamazana, kasitomala ataima pakhomo akuyang'ana ngati minibasi ya ku boma yadzadza.

Odziwako pang'ono adaloweza nambala. Mu Word ukalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, nambalayo imasanduka ŵ. Koma pali msampha. Manambala a Unicode amagwiritsanso ntchito zilembo kuyambira a mpaka f, motero ukalemba Mala kenako 0175, pulogalamu imatenga a womaliza uja ngati mbali ya nambala, ndipo m'malo mwa ŵ pamatuluka kabokosi kopanda tanthauzo. Uyenera kukumbukira kulemba U+ kutsogolo kwa nambalayo. Taonani kuti njira yachiduleyi imalephera pa dzina lenileni la dziko lathu, komanso pa mawu onse amene ŵ amatsatira a kapena e. Njira ina ndi kugwira Alt n'kudina 373 pa mabatani a manambala a kudzanja lamanja. M'mapulogalamu ena imatulutsa ŵ, m'mapulogalamu ena imatulutsa u, ndipo malaputopu ambiri amene tili nawo alibe n'komwe mabatani a kudzanja lamanjawo.

Opanga mapulogalamuwa sitikuwaimba mlandu. Sadatilonjeze kanthu, ndipo mwina sadziwa kuti Kaporo ali kuti. Kudandaula kwathu kuli pa ife eni dziko, amene timalandira makina, kuwatchera ndi kuphunzitsa ana kuwagwiritsa ntchito popanda wina kufunsa ngati makinawo angalembe ziyankhulo zathu.

Dandaulo lachiwiri: kachipewa kakagwa, ulemu ndi tanthauzo zimagwera limodzi

Anzathu a chigawo chapakati ndi kumwera amatifunsa kuti, bwanji osangolemba w basi, popeza aliyense amva? M'Chichewa mwina amva. M'Chitumbuka sizili choncho. Kumeneko wa- ndi wa munthu mmodzi, pamene ŵa- ndi wa anthu ambiri, kapena wa munthu wamkulu amene ukumupatsa ulemu. Wafika amanenera mwana kapena mnzako wa msinkhu wako. Ŵafika amanenera gulu, kapena bambo ako, apongozi ako, mfumu yako. Mchewa aganize atalandira pepala lonena kuti agogo ake "wamwalira" m'malo mwa "amwalira". Ndi mmene zimamvekera kuno kachipewa kakasowa.

Zimenezi zimatigwera kwambiri pa maliro, pamene chilichonse chimachitika mwachangu. Achibale amabwera m'mawa ndi mbiri ya malemu yolemba pamanja, akufuna mapepala asanakwane masana. Wotayipa akathamanga n'kusiya zipewa, gogo wa zaka 80 amalembedwa kuti wakababika m'malo mwa ŵakababika, ngati kuti tikunena za kamwana. Mkulu wa mpingo wowerenga mbiriyo amakonza ndi pakamwa, koma mapepala amene anthu atenga kupita nawo kunyumba amakhala ndi chipongwe chosindikizidwa. Achibale ena amabweza mapepala onse, ndipo inki ndi mapepala osindikiziranso zimatuluka m'thumba la wotayipa.

Zimatigweranso m'mabuku a misonkhano. Komiti ya alimi ikakambirana za kagawidwe ka madzi a mu ngalande, kapena gulu la banki mkhonde likagwirizana za ngongole, mlembi amalemba zimene zamangidwa. Ŵakazomera ndiye kuti onse adavomera. Wakazomera ndiye kuti adavomera munthu mmodzi. Pakapita miyezi mkangano n'kubuka, anthu amatsegula buku, ndipo mbali iliyonse imawerenga w yemweyo mokomera iyo. Taona anthu okhala moyandikana akusiya kupatsana moni chifukwa cha mzere umene ukadakhala womveka bwino kachipewa kakadakhalapo.

Pothawa vutoli aliyense wapeza njira yakeyake. Wina amalemba wanthu, wina banthu, wina vanthu. Mwana wa sukulu amaona mawu amodzi olembedwa m'njira zitatu pa bolodi la tchalitchi, pa foni ya amayi ake ndi pa chikwangwani cha pamsika, kenako mphunzitsi amavutika kumuuza kuti cholondola ndi chiti. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya boma mu 1968 ndipo chidabwereranso mu 1994. Chidapirira zaka zonsezo m'kamwa mwa anthu ndi m'mabuku a mipingo. N'zomvetsa chisoni kuti lero, pamene palibe akuchiletsa, kalembedwe kake kakuphwanyika chifukwa cha kusowa kwa batani limodzi.

Dandaulo lachitatu: tikayesa kudzikonzera batani, ntchito yathu sikhalitsa

Musaganize kuti tangokhala manja lende. Tayesa kusintha mabatani tokha, ndipo njira iliyonse yatiluma kwina.

Ganizo loyamba limene aliyense amabwera nalo ndi lolanda batani la q kapena x, popeza zilembo zimenezi sizipezeka m'mawu enieni a Chichewa kapena Chitumbuka. Koma kompyuta yomweyo ndi imene mphunzitsi amalembera mayeso a Chingerezi ndi masamu. Ukapereka x kwa ŵ, mawa mphunzitsi wa masamu asowa cholembera funso lake. Kuno kompyuta imodzi imatumikira ziyankhulo zinayi kapena zisanu, motero palibe chilembo chimene tingachipereke nsembe.

Mu Word muli njira yopatsa chilembo batani lachidule, ndipo imagwira bwino. Koma imagwira mu Word momwemo basi, ndiponso pa kompyuta imodzi yokhayo. Ukapita kukalemba mndandanda wa mayina a ophunzira m'pulogalamu ya matebulo, kapena kudzaza fomu pa intaneti, batani lija silikudziwanso. Vayirasi ikalowa kudzera pa flashi, zimene zimachitika kawirikawiri m'timashopu ta fotokope, katswiri amafomata kompyuta, ndipo zonse zimene tidakonza zimapita.

Ena adaphunzitsa kompyuta kuti ikaona Malawi izisintha yokha kukhala Malaŵi. Pa dzina la dziko zimathandiza. Koma makina sangadziwe ngati wolemba akufuna wafika kapena ŵafika, chifukwa mawu onse awiri ndi olondola pamalo pake. Mnyamata wina wanzeru pakati pathu adaika kapulogalamu koti w akadinidwa kawiri azisanduka ŵ. Tidakondwera mpaka tsiku limene kasitomala adafuna adiresi ya pa intaneti yoyamba ndi www.

Akatswiri ena otchera makompyuta akamva kuti tikufuna zilembo za zipewa amatisankhira kiyibodi yotchedwa United States-International. Imeneyi imathandiza olemba Chifalansa ndi Chisipanishi. Ukadina kachipewa kenako a, e, i, o kapena u, chilembo chimavala. Ukadina kachipewa kenako w, sichivala. Choipa kwambiri n'chakuti kiyibodi imeneyi imasandutsa kachizindikiro kathu ka m'mwamba, ka mu ng', kukhala batani lodikira chilembo chotsatira. Ukalemba ng'ombe pamatuluka ngómbe, ukalemba pang'ono pamatuluka pangóno. Amene mudaonapo mawu olembedwa chonchi m'makalata a m'maofesi, gwero lake nthawi zambiri ndi limeneli. Timapita kukafuna ŵ, n'kubwerako titataya ng'.

Njira imene imagwiradi ntchito tidaipeza mochedwa. Mu Windows muli kiyibodi yotchedwa United Kingdom Extended. Ukagwira AltGr, lomwe ndi batani la Alt la kudzanja lamanja, n'kudina 6, kenako w, pamatuluka ŵ m'pulogalamu iliyonse. Koma makompyuta athu ambiri ndi a kaunjika, ochokera ku mayiko osiyanasiyana, ndipo ambiri mabatani awo adalembedwa motsatira kiyibodi ya ku America. Ukasankha ya ku Britain pa makina otere, @ ndi " zimasinthana malo, ndipo wobwera pambuyo pako kudzalemba imelo amakuwa kuti kompyuta yawonongeka, n'kubweza zonse mwakale.

Palinso mapulogalamu aulere opangira kiyibodi yakoyako, monga Microsoft Keyboard Layout Creator ndi Keyman wa bungwe la SIL. Ndi amenewa munthu akhoza kuika ŵ pa AltGr ndi w popanda kusokoneza batani lina lililonse. Koma kuti uike kiyibodi yatsopano pa kompyuta ya sukulu kapena ya ofesi pamafunika mawu achinsinsi a woyang'anira. Makompyuta ambiri amene timalandira ngati thandizo amabwera okiya, ndipo mwini mawu achinsinsiwo adabwerera ku tawuni tsiku lomwelo la mwambo wopereka. Timatsala ndi makina amene tingawagwiritse ntchito koma sitingawaphunzitse chiyankhulo chathu.

Dandaulo lachinayi: chilembo chimene tavutikira chimawonongeka panjira

Tinene kuti wapirira, wamata ŵ aliyense pamalo pake. Nkhondo sinathe. Fayilo ikasungidwa m'njira yakale imene siidziwa Unicode, ŵ amasanduka w wamba kapena chizindikiro cha funso. Ikasungidwa bwino mu UTF-8 koma n'kutsegulidwa ndi pulogalamu yowerenga mwakale, chilembo chimodzi chimang'ambika pawiri, ndipo dzina la dziko limatuluka kuti MalaÅµi. Ukasankha fonti yokongola ya khadi la ukwati, umapeza kuti amene adaijambula sadajambule ŵ, ndipo pakati pa mawu pamakhala kabokosi, kapena chilembo cha fonti ina chooneka ngati chobwereka.

Mayina a ana athu ndiwo avutika koposa. Mwana wotchedwa Mwaŵi akhoza kukhala Mwaŵi m'buku la ubatizo, Mwawi pa mndandanda wa kusukulu, Mwabi pa khadi la kusikelo, ndi Mwai pa chikalata china chimene adalemba kalaliki wa kwina. Tsiku lofuna kutsimikiza kuti onsewa ndi munthu mmodzi, kholo ndi limene limalipira thiransipoti yopita ku boma ndi kubwerako. Ngakhale pamene makina alandira ŵ, nthawi zina ukafufuza dzinalo ndi w wamba sulipeza, ndipo kalaliki amangoti mwana wanu mulibemo.

Tikumvetsa kuti pali malo ena pamene chilembochi sichingalowe. Mizere iwiri ya pansi pa tsamba la pasipoti, imene makina a pa malire amawerenga, imalandira zilembo kuyambira A mpaka Z zokha malinga ndi mgwirizano wa mayiko onse. Pamenepo sitikutsutsa. Koma kaundula wa sukulu ya pamudzi kapena wa chipatala chaching'ono sadamangidwe ndi mgwirizano umenewo.

Dandaulo lachisanu: kulemba molondola pa foni kumadya mayunitsi

Pa mafoni ena amakono, ukagwira w kwa kanthawi, ŵ amatulukira pamwamba. Amene ali ndi mafoni otere ndi bandulo ya intaneti savutika. Koma ambiri kuno tikadali ndi timafoni ta mabatani, ndipo uthenga wa maliro, wa msonkhano wa makolo kapena wa tsiku logulitsa mpunga umayenda pa SMS. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160 ngati zonse zili pa mndandanda wa GSM. Chilembo ŵ pa mndandandawo palibe. Ukangoika mmodzi, foni imasintha kalembedwe ka uthenga wonse, ndipo malire amatsika kufika pa zilembo 70. Uthenga wautali ukagawidwa, chigawo chilichonse chimanyamula 67 zokha. Motero uthenga wa zilembo 150, umene ukadapita ngati umodzi, umapita ngati atatu chifukwa cha kachipewa kamodzi. Mlembi wa mpingo amene akutumiza uthenga kwa akulu a mpingo onse amaphunzira msanga kuti ulemu wa ŵa- ndi wodula, ndipo amausiya. Dongosolo lomweli la SMS lidawonjezeredwa mindandanda yapadera ya Chiteki, Chisipanishi, Chipwitikizi ndi ziyankhulo zingapo za ku India. Ziyankhulo zathu sizidafike pa mndandanda umenewo.

Ena adapempha, adalandira

Chifukwa chimene kiyibodi ya United Kingdom Extended ili ndi ŵ ndi anthu a ku Wales, amene chiyankhulo chawo chimagwiritsanso ntchito chilembo chomwechi, ngakhale amachitchula mosiyana ndi ife. Kalembera wa mu 2021 adapeza kuti oyankhula Chiwelshi ku Wales ndi pafupifupi 540,000. Kalembera wathu wa mu 2018 adapeza Amalaŵi oposa 17.5 miliyoni, mwa iwo Atumbuka oposa 1.5 miliyoni, osawerengera a ku Zambia. Oyankhula Chiwelshi ndi ochepa kuposa ife, koma ali ndi malamulo oteteza chiyankhulo chawo, monga la mu 1993. Ife lero tikulemba dzina la dziko lathu podutsa pa khomo limene adatsegulira ena.

Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 26, amapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wasankha. Ufulu umenewu masiku ano umadutsa pa kiyibodi. Ndipo nkhaniyi ikupita patsogolo. Google Translate idalandira Chichewa mu 2014 ndi Chitumbuka mu 2024. Makina otere amaphunzira kuchokera pa zimene anthu alemba. Tikawadyetsa Chitumbuka chosasiyanitsa wa- ndi ŵa-, adzabwezera adzukulu athu Chitumbuka chomwecho, ndipo adzukuluwo adzakhulupirira makina kuposa agogo awo.

Tamvanso onena kuti akatswiri a Chichewa eni ake akhala akusinthasintha maganizo pa chilembochi kuyambira nthawi ya Chichewa Board, imene idatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Kukambirana kotere n'kwabwino, ndipo chiyankhulo chilichonse chimasintha. Ngati eni Chichewa agwirizana kuti ŵ apume chifukwa sakumutchulanso, ndi ufulu wawo. Chimene tikukana n'chakuti chigamulo chotere chipangidwe ndi kiyibodi, anthu asiye chilembo chifukwa chotopa kuchifunafuna, kenako tiuzidwe kuti chidafa chokha. Ndiponso chigamulo cha Chichewa sichingamange Chitumbuka. Bambo Nolence Mwangwego, amene kwawo ndi kuno ku Karonga, adayamba mu 1979 kupanga zilembo zatsopano za ziyankhulo za Malaŵi, ndipo adazionetsa poyera mu 1997. Iwo adalimba mtima kupanga kalembedwe konse. Ife tikupempha chilembo chimodzi chimene chilipo kale.

Zimene tikupempha

Choyamba, tikupempha Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba, imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, kuti ikhale pansi ndi Malawi Bureau of Standards ndi akatswiri a makompyuta, agwirizane za kiyibodi imodzi ya Malaŵi. Maganizo athu ndi akuti AltGr ndi w zitulutse ŵ, ukawonjezera Shift patuluke Ŵ, kachizindikiro ka mu ng' kasiyidwe mmene kalili, ndipo batani lina lililonse likhale pamalo pake. Ikonzedwe ya makina a mabatani a ku America ndi ina ya makina a mabatani a ku Britain. Ikhale yaulere, yoti munthu n'kuitenga pa flashi.

Chachiwiri, aliyense wogula kapena wopereka makompyuta ku sukulu, ku chipatala, ku ofesi kapena ku mpingo aike kiyibodi imeneyi asanakiye makina, ndipo asiye mawu achinsinsi kwa munthu mmodzi wodalirika wa pamalopo.

Chachitatu, m'maphunziro a kompyuta a ku sekondale, m'makoleji a aphunzitsi monga ya ku Karonga, ndi m'masukulu a ntchito zamanja, mukhale phunziro limodzi la kalembedwe ka ziyankhulo za Malaŵi pa kompyuta ndi pa foni. Ola limodzi ndi lokwanira kuphunzitsa ŵ, ng', ndi kasungidwe ka fayilo mu UTF-8.

Chachinayi, onse opanga makaundula ndi mafomu a pa kompyuta a dziko lino aziyesa ntchito yawo ndi mawu akuti Malaŵi ndi ng'ombe asanaipereke. Mawu awiriwa akalowa, akasungika, akasindikizika bwino, ndiponso akapezeka pofufuza kaya ndi w kaya ndi ŵ, ndiye kuti ntchito yatha. Akapanda kutero, makinawo sadakonzekere kulemba mayina a Amalaŵi.

Chachisanu, tikupempha bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA ndi makampani a mafoni kuti aone ngati pali njira yoti uthenga wolembedwa molondola m'chiyankhulo cha dziko lino usamadule kuposa wolembedwa molakwika. Pamene njirayo ikufunidwa, anthu auzidwe poyera chifukwa chimene mayunitsi awo amathera msanga.

Chachisanu ndi chimodzi, pamene kalembedwe ka Chitumbuka ndi Kyangonde kakukambidwa, aphunzitsi, alembi a mipingo ndi otayipa a kumidzi aitanidwe. Ndife amene timalemba ziyankhulozi tsiku ndi tsiku, ndipo tikudziwa pamene malamulo a m'buku amakanika pa makina.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Kiyibodi imeneyi ikatuluka, tidzaiyesa pa makompyuta athu akale ndi kukuuzani pamene yavuta. Tidzaigawa m'timashopu ndi m'masukulu kuyambira ku Songwe mpaka ku boma, ndipo tidzaphunzitsa anzathu kwaulere. Aphunzitsi pakati pathu alonjeza kulemba kapepala ka tsamba limodzi kofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde. Tikupempha kuti amene kalatayi yawafika atiyankhe, ngakhale yankho litakhala lakuti zina mwa zopempha zathu sizingatheke, bola atiuze chifukwa chake ndi ofesi yoyenera kupitako.



Ife anu,
Aphunzitsi, alembi a mipingo, alembi a makomiti a alimi ndi otayipa a ku Kaporo, Karonga.